Zikomo kwa nonse amene munandiphunzitsa za ndale mpaka ndapeza ntchito

Mwezi uno ndayamba ntchito. Malipiro oyamba sanalowe, koma ndati ndiyambiretu kubweza ngongole zimene zimabwezedwa ndi pakamwa. Zithunzi za gauni ndinaika kale pano titalandira madigiri ku Great Hall ku Zomba, koma mawu sindinalembe. Nthawi imeneyo mtima sunali m'malo. Digiri inali m'chikwama, ine ndili pakhomo pa amayi, ndipo aliyense wodutsa ankafunsa funso lomwelo, lakuti mwana wophunzira uja ayamba liti ntchito.

Amayi, ndiyambe ndi inu, ngakhale ndikudziwa kuti izi akuwerengerani ndi mng'ono wanga pa foni yake yosweka galasi ija. Bambo atatisiya ndili m'chaka chachiwiri, anthu anakuuzani kuti mundiitanitse ndibwere ndikuthandizeni kulera ana. Simunawayankhe. Munangowonjezera mabeseni a tomato ndi kabichi pa Lizulu, kuthamangira basi iliyonse yoima pa M1, dzuwa likhale mvula ikhale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, lendi ya ku Chikanda inakwera, ufa unakwera, ngakhale kusindikiza pepala limodzi kunakwera, koma pa Airtel Money panga pankalowabe kenakake Loweruka madzulo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti masabata ena inu munkagonera phala kuti kenakakeko kapezeke. Amayi a banki mkhonde amene munkawabwereketsa osayang'ana kuti ndi amasiye, zikomo. Ena mwa inu munkadikira chiwongoladzanja chanu mpaka nyengo ya kachewere osakweza mawu.

Malume, inu ndiye nkhani yanu ndi yaitali. Tsiku limene dzina langa linatuluka kuti ndasankhidwa kupita ku Chanco (Chancellor College, ku Zomba) munavina ngoma pabwalo. Mutamva kuti ndikukaphunzira za ndale (Political Science) munakhala pansi n'kundifunsa kuti, "Ndiye ukamaliza udzaimira chipani chanji?" Munkafuna unamwino kapena uphunzitsi, ntchito zoti munthu akamwalira amamwalira ndi matenda. Panthawiyo ndinaseka, koma mantha anu anali ndi mutu. Kwathu ku Ntcheu akuluakulu sanaiwale za Albert Muwalo, mwana wa m'boma lathu lomweli amene anakwera mpaka pamwamba m'chipani kenako n'kunyongedwa mu 1977. Sanaiwale za nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anafera ku Mwanza mu 1983, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Munthu amene anakula akuonetsa khadi la chipani kuti alowe mumsika sangasangalale kumva kuti mphwake akukaphunzira ndale. Komabe munagulitsa mbuzi zanu, imodziimodzi, mpaka khola linatsala ndi ndowe zokha.

Chimene simudziwa n'chakuti inuyo ndinu amene munandithandiza kukhoza mayeso ena. Titafika pa mutu wa kusintha kwa ulamuliro wa dziko lino, anzanga ankaloweza madeti: kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992, kumangidwa kwa Chakufwa Chihana mu April chaka chomwecho, riferendamu ya pa 14 June 1993, chisankho cha pa 17 May 1994. Ine ndinali nazo kale m'mutu kuchokera pakhonde panu, mmene munkafotokozera za zizindikiro za pa riferendamu, nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndi mmene anthu ankanong'onezerana za nyaliyo podikira pamzere, aliyense akuopa mnzake.

Aphunzitsi anga a ku Chanco, sinditchula maina kuopa kusiya wina. Ndinali m'chaka choyamba pa 3 February 2020, tsiku limene majaji asanu anakhala kuyambira m'mawa mpaka mdima akuwerenga chigamulo chothetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Tinaunjikana pa wailesi, ena akuimba, ena atakwiya. Titakumana m'kalasi tinkayembekeza kuti mutiuza amene walakwa ndi amene wakhoza. Inu munangotituma kuti tikawerenge gawo 80 la malamulo aakulu a dziko, tibwere tifotokoze chifukwa chake kwa zaka zonsezo munthu ankatha kulowa ku State House ndi mavoti osafika 40 pa 100 alionse, ngati mu 2004 ndi mu 2014, ndipo n'chiyani chisinthe tsopano popeza khothi lati wopambana azipitirira theka. Wina atayamba kutamanda chipani chake munamudula n'kumuuza kuti za kumsonkhano azisiye pa geti. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sindinabwere kudzaphunzira kuvina pamaso pa atsogoleri.

Ufulu woyankhula choncho m'kalasi unagulidwa. Mu 2011 mphunzitsi wa dipatimenti yathu ya za ndale, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa chopereka chitsanzo m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape, ndipo koleji inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa. Ife tinabwera nkhondoyo itatha, tinangokolola. Aphunzitsi amene munaimirira nthawi imeneyo, ngakhale ena simunandiphunzitsepo, landirani zikomo wanga.

Kwa mayi amene munandiyang'anira pa kafukufuku wanga womaliza: munandibwezera chaputala choyamba chitafiira ndi inki, ndinalira, ndipo munali olondola. Ndinkafuna kulemba za demokalase ya Africa yense. Inu munati ndipite kwathu ndikafunse mmene ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zimasankhidwira chochita. Ndinakhala pansi ndi makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), a gulupu, makhansala, ndi amayi otunga madzi pa mjigo wina umene unakumbidwa pafupi ndi nyumba ya munthu wodziwika m'malo mwa pamene mudzi unapempha. Pa pepala zonse n'zokongola. Ndondomeko ya maboma ang'ono imati chitukuko chiyambire kumudzi, chikwere ku ADC, chikafike ku khonsolo. Koma dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo m'zaka zimenezo anthu anazolowera kuti chilichonse, kuyambira mlatho mpaka bokosi la maliro, chimachokera m'thumba la phungu. Mayi wina wa mu ADC anandiuza kuti iwo amaitanidwa kukasaina zinthu zitagulidwa kale. Chiganizo chimenecho chinandiphunzitsa kuposa mabuku amene ndinabwereka ku laibulale teremu yonse. Mafumu ndi makomiti amene munandilandira, kundipatsa mpando ndi chimanga chootcha pamene ine ndinalibe kalikonse kokupatsani, Mulungu akudalitseni.

Mayi a nyumba ku Chikanda, munandisunga miyezi ingapo osalipira pamene namondwe Freddy anawononga mu March 2023 ndipo inunso khoma la kuseri linali litagwa. Munkangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mesho wanga, tinagawana bulangete, mbaula ndi laputopu imodzi yofuna kuigwirira chaja kuti isazime. Unandidzutsa usiku kuti tiwerenge pamene ndinali ndi sapu (mayeso obwereza) ndipo mantha a kuchotsedwa sukulu atandigwira pakhosi. Nthawi ya Covid sukulu zitatsekedwa mu March 2020, unkanditumizira manotsi pa WhatsApp podziwa kuti kwathu netiweki imagwira pa chulu chimodzi chokha.

Tsopano kwa ana a Fomu 4 ndi makolo amene mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti kosi imeneyi imapita nayo kuti munthu. Ndikuyankhani mosabisa, chifukwa ine palibe anandiuza. Simudzaona chidziwitso cha ntchito mu nyuzipepala cholembedwa kuti tikufuna katswiri wa ndale. Ntchito zake zimabisala m'maina ena. M'boma amati Administrative Officer, ndipo amene amayamba choncho ku Capital Hill kapena ku khonsolo ndi amene ena mwa iwo amadzakhala ma DC ndi alembi aakulu a maunduna. Ku Nyumba ya Malamulo, komwe tsopano kuli mipando 229 m'malo mwa 193, makomiti amafuna anthu owalembera malipoti ndi kuwafufuzira nkhani, poti phungu sangawerenge yekha bajeti yonse. Kuli MEC, kuli NICE Trust imene imaphunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, kuli ofesi ya Ombudsman, Malawi Human Rights Commission ndi ACB. Mabungwe a mipingo monga CCJP ndi PAC akhala akugwira ntchito za ulamuliro wabwino kuyambira kale. Amene amakonda za maiko ena amalota unduna wa zakunja, SADC ku Gaborone kapena African Union ku Addis Ababa, koma kumeneko khomo ndi lopapatiza, ndipo kawirikawiri amafuna digiri yachiwiri ndi chilankhulo china monga Chifalansa kapena Chipwitikizi.

Izo ndi za pa pepala. Za m'kalasi mwathu zili motere: wina ali ku wailesi, wina akuphunzitsa Social Studies pa sekondale yapulaiveti, wina anabwerera kukayamba zamalamulo, angapo anadutsa pa pulogalamu ya boma ya ma intern n'kubwerera kunyumba itatha, ndipo mnzanga wina wanzeru kutiposa tonse akuoda zovala ku Tanzania. Amene analowa ndale zenizeni, za misonkhano ndi nsalu, ndi ochepa kwambiri. Sindikunena izi kuti ndikugwetseni mphwayi. Ndikufuna mudziwe kuti digiri iyi payokha siitsegula chitseko ngati ya udokotala, ndipo ngongole ya ku Loans Board imakudikirani ngakhale ntchito isanapezeke.

Chimene chinandidyetsa ine pa nthawi yodikira ndi phunziro limene tonse tinkalida, la kachitidwe ka kafukufuku. Tinkati tabwera kudzakambirana za maulamuliro, masamu akutani pano? Koma Zomba ndi kwawo kwa kafukufuku wa maganizo a anthu. Centre for Social Research ndi IPOR zili komweko, ndipo zotsatira za Afrobarometer zimene mumamva pa wailesi zimachokera kwa achinyamata oyenda khomo ndi khomo ndi tabuleti. Ine ndinayamba ndi maganyu otere m'mabungwe osiyanasiyana, kufunsa mafunso m'midzi, kenako kuyeretsa manambala pa kompyuta, kenako kulemba nawo lipoti. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 ndinali m'gulu la oyang'anira, ndinakhala pa senta ina mpaka kuwerenga kutatha ndi tochi. Ndiye mukalowa, musathawe mapulogalamu a manambala a pa kompyuta monga Excel ndi SPSS, phunzirani kulemba tsamba limodzi lomveka, ndipo Chichewa chanu musachitaye. Ndaona anzanga odziwa kutchula anzeru onse a ku Ulaya akulephera kufotokozera a mfumu kuti bajeti ya khonsolo n'chiyani.

Ntchito imene ndapezayi ndi ya ku bungwe lina logwira ndi makhonsolo. Ndizikhala ndi makomiti a m'midzi kuwerenga nawo bajeti, kuona zimene zinalonjezedwa ndi zimene zamangidwa, ndi kuwathandiza kulemba kalata yopempha zikalata pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lija linayamba kugwira ntchito mu 2020 koma anthu ambiri kumudzi sanalimvepo. Si ntchito ya galimoto ya mbendera. Masiku ambiri ndizikhala pa kabaza, fumbi lili m'tsitsi. Koma ndi ntchito imene ndinaphunzirira, ndipo kwa ine zimenezo n'zokwanira. Bwana amene munawerenga kalata yanga mpaka kumapeto ngakhale munalibe amene anakuimbirani foni za ine, zikomo. Achimwene a pa internet cafe amene munkandisindikizira ma CV pa ngongole, ndikubwera ndi ndalama zanu, kabuku kaja musataye.

Malume, funso lanu lija yankho lake ndi ili: sindikuimira chipani chilichonse. Koma mlatho wa matabwa uja mwakhala mukudandaula kuti unalembedwa kawiri osamangidwa, tsopano ndikudziwa ofesi yoyenera kufunsa ndi pepala loyenera kupempha, ndipo tikalemba limodzi, inu musaina. Mbuzi ndibweza pang'onopang'ono, kuyambira yaikazi.

Amayi akuti kumapeto kwa mwezi wamawa kukhale kachakudya pakhomo, tithokoze Mulungu ndi kukumbukira bambo. Abale, anzanga a ku Chanco, a mpingo ndi amayi a pa msika, nonse mwaitanidwa, ndipo amene mulibe thiransipoti tiuzane msanga. Pempho lawo ndi limodzi: pabanja pathu pali a zipani zitatu, choncho nsalu ndi zipewa za zipani musiye kunyumba.