Sikelo ya alamu

Nkhonya yanga yoyamba ya ndalama ndinagonja tsiku lake lisanafike, ndipo chimene chinandigwetsa ndi sikelo yogulira nandolo.

Ndinali nditasaina kuti ndimenya pa welterweight. Kwa amene nkhonya mumangoonera m'nyumba za kanema, welterweight malire ake ndi mapaundi 147, pa sikelo yathu ino makilogalamu 66.7. Ukapitirira pamenepo, ngakhale ndi kulemera kwa dzira limodzi, walowa gulu lina, la super welterweight, limene limathera pa mapaundi 154. Magulu amenewa anawakhazikitsa kuti tambala asamamenyane ndi nkhukundembo. Ine mumtima ndinkadziona ngati Isaac Chilemba, mwana wa mu Blantyre momwemuno amene anakaswana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016, ngakhale kuti iye ndi wa light heavyweight, mapaundi 175, ndipo ine panthawiyo ulendo wanga wautali kwambiri unali wa ku Mwanza ku maliro.

Kwa milungu isanu akochi anandikhaulitsa. Kuthamanga mbandakucha kuchoka ku Machinjiri, nsima mtanda umodzi basi, tiyi wopanda shuga. Mtanda umodzi, abale, munthu wamkulu wokwatira! Vuto linali lakuti sikelo ya kumene tinkachitira majowajowa inathyoka singano chaka chatha, ndiye tinkangoyerekeza ndi maso. Akochi ankanditsina pamimba n'kunena kuti, "Pakadali ntchito apa."

Kutatsala masiku atatu, nzeru zinandibwerera. Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, ali ndi shedi kufupi ndi kwathu, amagula nandolo ndi chimanga kwa alimi. Ali ndi sikelo ija yokoleka, ya ngowe kunsi.

"Alamu, tandiyezeniko."

"Mwasanduka thumba liti alamu?"

Anaikoleka pa mtanda wa denga, ine n'kugwira ngowe ndi manja awiri, n'kupinda miyendo, lende ngati mbuzi yosenda. Amayi awiri amene anabwera kudzagulitsa nandolo anachita kutembenukira kukhoma ndi phwete. Alamu anayang'ana singano nanena kuti, "64 ndi hafu."

Ndinatsika pangowepo ndili munthu wina. Makilogalamu awiri ndi kanthu a ulere! Ndiye njala yonse ija ndimavutikiranji? Madzulo omwewo ndinayamba ndi chipisi cha pachiwaya, cha mafuta ochita kudontha m'chigongono. Kunyumba ndinalamula mgaiwa mitanda inayi ndi mang'ina. Mayi a kunyumba anafunsa kuti, "Kodi abambo, akochi alola zimenezi?" Ndinati akochi amayeza ndi zala, ine ndayeza ndi sayansi. Mawa lake ndinabwereza, n'kutsirapo thobwa.

Kuyeza kumachitika tsiku limodzi nkhonya isanachitike. Kale ankayeza tsiku lomwelo, koma anasintha kuti munthu amene wadzifinya madzi m'thupi akhale ndi nthawi yowabwezeretsa asanayambe kulandira zibakera m'mutu. Ndiye Lachisanu m'mawa tinafika mu holo ina mu tauni. Munali atolankhani, pulomota, dokotala, akuluakulu oyang'anira nkhonya, ndi sikelo yamagetsi yoonetsa manambala ofiira. Mdani wanga anakwera, masaya atalowa m'kati ngati wachoka kuchipatala: 66.5. Ndinamumvera chisoni. Ine ndinakwera ndikumwetulira, n'kukunga mikono kuti ojambula ajambule bwino.

"68.9."

Ndinati sikelo yanuyi yafa. Bambo woyezayo sanakwiye. Anandiuza kuti nditsike, n'kuyambiranso. 68.9. Akochi anandiyang'ana momwe mphunzitsi amayang'anira mwana amene wapezeka ndi likasa.

"Iwe, wadya chiyani?"

"Pang'ono pokha, akochi."

"Pang'ono pa chiyani? Pa ng'ombe?"

Anatipatsa maola awiri, monga zimakhalira pa nkhonya zambiri, kuti ndikayesetse ndibwerenso. Tili panja ndinanong'oneza akochi kuti mwina pobwereza aikeko chala cha phazi kunsi kwa sikelo, ainyamuleko pang'ono. Anati nzeru imeneyo ena anaiyesa kale ku Las Vegas mu 2005, pamene Jose Luis Castillo analephera kufika pa mapaundi 135 pa nkhonya yake yachiwiri ndi Diego Corrales. Munthu wa kumbali yake anagwidwa phazi lili kunsi kwa sikelo. "Ngati anagwidwa wa ku Mexico, ine wa ku Ndirande ndi silipasi zangazi ndingapulumuke?"

Chimene chinatsatira ndimachikumbukira ndikamva fungo la pulasitiki. Akochi anagula majumbo akuda aakulu aja, n'kuboola pa mutu ndi m'mikono, n'kundiveka awiri. Pamwamba pake juzi, pamwamba pa juzi jekete ya mlonda wa paholopo imene anachita kubwereka, kumutu chipewa cha ubweya. Umenewu ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Anandipatsa chingamu kuti ndizitafuna n'kumalavula, poti malovu nawonso ndi kulemera. Kenaka anandilozera msewu wa Masauko Chipembere.

Ndinathamanga kuchoka ku Ginnery Corner kulowera ku Chichiri ndikuchita phokoso la tchaka tchaka ngati thumba la zinyalala lauluzika ndi mphepo. Makondakitala a minibasi anasiya kuitanira anthu n'kumandiitanira ine. Wina anakuwa kuti, "Agwireni awo, athawa ku Zomba!" Mayi wina wogulitsa nthochi anasuntha lichero lake n'kuyamba kupemphera. Pafupi ndi sitediyamu ya Kamuzu wapolisi anandiimitsa kufunsa chimene ndabisa m'jekete. Nditatsegula zipi, thukuta linakhuthuka m'jumbomo n'kumunyowetsa nsapato. Anangoti, "Pitani bambo, Mulungu akuthandizeni."

Pobwerera akochi anandilowetsa mu galimoto ya pulomota imene inakhala padzuwa, mawindo otseka, kwa mphindi khumi. Musadzayese zimenezi, ndinayamba kuona agogo anga amene anatisiya kalekale akundikodola. Kenaka kuchimbudzi, kumene ndinakhala ngati munthu wodikira malipiro a boma, osatuluka kanthu. Pomaliza wometa wa pafupi anandipala mpala, ndevu zomwe, ngakhale ndikukayika ngati tsitsi lonselo linakwana kulemera kwa bokosi la machesi.

Ndinakweranso. 67.1.

"Vula zonse," anatero akochi.

Lamulo limalola kuyezedwa uli chibadwire, bola akutchinge. Thaulo panalibe. Mayi a kunyumba, amene anali atafika ndi botolo la madzi a mchere ndi shuga, anamasula chitenje chawo chapamwamba, cha kumpingo, cholembedwa vesi. Iwo anagwira mbali ina, akochi mbali ina. Ndinavula kabudula wam'kati, n'kutulutsa mpweya wonse m'mapapo ngati kuti nawo ulemera. Holo yonse inali zii. Ndiye akochi, mtima uli m'mwamba kufuna kuona nambala, anawerama. Powerama, dzanja linatsika nawo.

Nambala inali 67.0. Koma palibe amene ankayang'ana nambala.

Magalamu 300 amenewo anandidyera ndalama. Zikatere nkhonya imatha kulephereka, kapena mbali inayo imavomera kumenyabe koma wolemerayo alipe. Ukakhala kuti ndiwe mwini lamba, lambayo amakulanda pasikelo pomwepo. Ine lamba ndinalibe, ngakhale wa thalauza anali m'manja mwa akochi. A mdani wanga anavomera, n'kutenga gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zanga. Loweruka iye anabwera masaya atadzaza, ine miyendo ikadali ku Chichiri. Za nkhonyayo ndilibe zambiri zoti ndinene, chifukwa raundi yachiwiri ndinachita kuuzidwa.

Lamulungu masana ndinapita kushedi, diso limodzi lotseka.

"Alamu, sikelo yanu ija ndi yabodza. Mwandiphetsa."

Anayang'ana uku ndi uku ngati pali mlimi pafupi, n'kutsitsa mawu.

"Inunso alamu, simunanene bwanji kuti mukufuna kulemera kwenikweni? Ija ndi yogulira." Anasuzumira kuseri kwa matumba n'kutulutsa ina yatsopano. "Yogulitsira ndi iyi."

"Ndiye yoona ndi imeneyo?"

"Iyi mukanakwana 72."