Chofunda cha zigamba ndi ntchito za kudimba

Mwezi wa Okutobala kuno ku Salima dzuwa limaswa mtengo, choncho ntchito za kudimba ndimazigwira mbandakucha, monga kuthirira mpiru ndi kupalira matimati. Masana ndimakhala pakhonde n'kumasoka chofunda cha zigamba kuchokera ku matisheti akale a ana anga, omwe ambiri ndinawagula pakaunjika ku Kamuzu Road.

Nsalu ya tisheti imatamuka kwambiri, ndipo ikadulidwa imapindika m'mphepete, n'chifukwa chake chigamba chilichonse ndimayamba ndachiyalira chitenje chakale kunsi ndisanachilumikize ndi chinzake. Ntchitoyi ndi yochedwetsa, koma msoko wake sukwinyika. Manja ndi makolala otsala ndimawang'amba kuti ndizimangira matimati kumitengo, popeza nsalu yofewayi sicheka tsinde ngati luzi. Chofundachi chiyenera kutha mwezi wa Juni usanafike, pamene mphepo ya mwera imazizira kwambiri.