Zikomo anthu a pa Lizulu

Abale ndati ndisagone osathokoza anthu amene anandithandiza Loweruka madzulo pa Lizulu. Ndimachokera ku Lilongwe kupita ku Balaka, kagalimoto kanga kanangozima pa M1 titangodutsa msika, kunja kukuzizira mmene mukudziwira kumeneku, mwana kumbuyo akulira. Ndikapotokola kiyi sitata imazungulira bwinobwino koma injini osalira ayi. Ine ndinali nditagamula kale kuti ndi batire, kusadziwatu.

Anyamata ogulitsa kabichi ndi mbatatesi anasiya malonda awo nkundikankhira kumbali, mmodzi nkuthamanga kukaitana achimwene ena ake amakaniko. Iwo anazula pulagi imodzi nkuigunditsa ku injini, moto kulibe. Kuyang'ana fyuzi ya koyilo, yapsa. Kuika ina, yapsanso pomwepo! Ndiye anayamba kutsata mawaya ndi tochi ya foni mpaka anapeza pomwe waya wina ananyuka nkumakhudza chitsulo, anakulunga ndi tepi, fyuzi yachitatu, kupotokola kamodzi basi galimoto inalira.

Achimwenewo amafuna ya mafyuzi yokha, ya sopo ndinachita kuwakakamiza. Ndi inu amayi munapatsa mwana wanga chimanga chootcha, dzina sindinafunse nkomwe, zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni nonse.