Sabata ya alenje a elk ku Craig

Okutobala akafika, sitolo ya mfuti yomwe ndimagwirako ntchito ku Craig, ku Colorado m'dziko la America, imadzaza kuyambira m'mawa. Alenje amachokera kutali, ena ku Texas ena ku Minnesota, ndipo ambiri amalowa atatsimikiza kale mumtima kuti elk, nyama yaikulu ya mtundu wa agwape, imafuna mfuti yaikulu. Sindiwadabwa. Yamphongo imalemera makilogalamu oposa 300, mafupa a paphewa ndi ochindikala, ndipo ikavulazidwa imatha kuthawira kuchigwa komwe munthu sangaipezenso.

Lolemba kunabwera bambo wina ndi mfuti yatsopano ya .300 Winchester Magnum, akufuna timukonzere galasi loonera. Titapita kumalo oyesera mfuti, zipolopolo zake zinkangomwazikana papepala la pa mayadi 100. Ndinamupempha kuti ndizimuikira ndine chipolopolo, ndipo ulendo wina ndinaika chabodza, chosaphulika. Atakoka chala mfuti sinalire, koma maso anatsinzina, phewa linadumpha, mlomo wa mfuti n'kugwera pansi. Thupi linali litayamba kale kuopa kukankhidwa ndi mfuti ikamalira. Ndinati, "Bambo, tayesani iyi," n'kumupatsa .30-06, mtundu wa chipolopolo wa mu 1906 womwe alenje akale kuno sausiya. Zitatu zotsatizana zinagwera malo amodzi oti n'kuphimba ndi chikhatho. Magnum yamunthuyo inalibe vuto, ndipo kwa woizolowera imafika patali bwino. Koma iye anali ndi masiku ochepa oti azolowere.

Lachiwiri linapita ndi malaisensi ndi zovala zowala za olenji kapena pinki, zomwe lamulo limafuna pa nyengo ya mfuti.

Mkangano weniweni unabuka Lachitatu, pa nkhani ya mitundu ya zipolopolo, makamaka 6.5 Creedmoor, yomwe kampani ya Hornady inatulutsa mu 2007. Achinyamata amaikonda chifukwa sikankha kwambiri, pomwe akuluakulu amati ndi ya agwape ang'onoang'ono, osati elk. Lamulo la Colorado limailola: pa elk limafuna mfuti ya chiboo chosachepera .24 ya inchi, chipolopolo chotambasuka cholemera magireni 85 kapena kuposa, ndi mphamvu ya ma foot-pound 1,000 pa mayadi 100. Amenewo ndi malire apansi chabe. Mlenje wa Creedmoor ine ndimamuuza kuti asawombere patali, adikire nyama itembenuke chammbali, alunjike kumapapo kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Amene sangathe kudikira choncho atenge .308, .270 kapena 7mm Remington Magnum.

Chomwe chimandipweteka n'choti munthu amawononga ndalama zambiri pa mfuti, kenaka n'kusankha zipolopolo zotchipa zomwe zimaphwanyika zikangogunda fupa. Lachinayi ndi Lachisanu ndinkangobwereza zimenezi kwa aliyense: gulani zipolopolo za Nosler Partition kapena zamkuwa za Barnes, zomwe zimaboola mpaka mkati. Bambo wa Lolemba uja anabweranso kudzagula mabokosi awiri a magireni 180, limodzi loyeserera atagwada komanso atatsamira pachikwama, lina lopita nalo kumapiri a Flat Tops.