Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Ntchito yaulere imene tinkagwirira mabungwe a ana

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinasiya utolankhani n'kulowa ntchito yoyankhulira makampani, imene ambiri amangoti PR. Gawo lino ndi la ntchito ina imene tinkagwira pambali pa yolipidwayo: kuthandiza mwaulere mabungwe ang'onoang'ono osamalira ana. Ndiifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa achinyamata ambiri a ntchito yathuyi mtima wothandiza ali nawo, koma palibe amene anawakhazikapo pansi n'kuwauza kagwiridwe kake.

Chimene makampani ambiri amachidziwa ndi ulendo wa pa Khirisimasi. Ogwira ntchito amavala malaya ofanana a chizindikiro cha kampani, galimoto nkudzaza shuga, sopo ndi mafuta ophikira, akuluakulu nkunyamula chicheke chachikulu chapepala, ana nkuimba nyimbo yolandira alendo. Sindinyoza, pakuti sopoyo amachapadi. Koma mukawerengera ndalama ya malaya, chinsalu cholembedwa, mafuta a galimoto ndi nkhomaliro ya alendo, nthawi zambiri imaposa mphatso yomwe yasiyidwa. Pamene chimene bungwelo likusowa kwenikweni ndi chomwe ife timachita tsiku ndi tsiku mu ofesi: kulemba kalata yogwira mtima, kudziwa mkonzi woyenera kumuimbira, kukonza uthenga wa pa wailesi, kulemba lipoti loti wopereka thandizo aliwerenge mpaka kumapeto.

Ntchito imayamba ndi kufufuza bungwelo. Bungwe loti si laboma liyenera kukhala m'kaundula wa NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe otere, yomwe inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022, ndipo mungafunsenso ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe oti si aboma, ngati akulidziwa. Gulu la m'mudzi, monga komiti yoyendetsa sukulu ya mkombaphala, limadziwika ku ofesi ya Social Welfare pa boma. Pitani kumeneko nokha, mukaonanenso ndi amfumu a deralo. Funsani ngati pali akaunti ya ku banki ya m'dzina la bungwe, komanso ngati osainira ali awiri kapena atatu. Pamene ndalama zonse zimadutsa m'thumba la munthu mmodzi, ngakhale akhale wokoma mtima chotani, musayikepo dzina lanu kufikira zitakonzedwa. Mukalengeza bungwe, anthu amapereka chifukwa chokhulupirira inu.

Kenako mgwirizano wolembedwa, tsamba limodzi basi. Ntchito yaulere imafa chifukwa ilibe mwini: kasitomala wolipira akangoimba foni, ya ana ija imakankhidwira mawa, mawalo nkukhala mwezi. Ife tinkalemba dzina la munthu mmodzi wa kwathu ndi mmodzi wa ku bungwe, maola oti tipereke pamwezi, zinthu zitatu zokha zoti tichite, ndi tsiku lomaliza, kawirikawiri pakatha miyezi 6. Abwana ankasaina, kuti maolawo aziwerengedwa ngati ntchito, osati ngati kuba nthawi ya kampani. Pa tsamba lomwelo pazionekanso kuti chaulere ndi luso ndi nthawi. Kusindikiza, mafuta a galimoto, mayunitsi ndi nthawi ya pa wailesi zimafuna ndalama, ndipo muyenera kugwirizana pachiyambi kuti atulutse ndani. Mikangano yambiri imabukira pamenepa.

Uthenga wake uzikhala wowerengeka. Mawu oti "thandizani ana ovutika" sagwedeza munthu, chifukwa sakumuuza chochita. Khalani pansi ndi alezi muwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti sukulu ya mkombaphala ili ndi ana 80, ndipo aliyense amamwa phala la ufa wokwana magalamu 100 patsiku. Ndiye kuti patsiku pakufunika makilogalamu 8, pa sabata ya masiku asanu 40, pa milungu inayi 160. Ngati ufawo ndi wosakaniza ngati Likuni Phala, magawo anayi chimanga ndi gawo limodzi soya, mwadziwa kale kuchuluka kwa chilichonse. Muyezo weniweni mufunse kwa ophika, musaulote muli mu ofesi. Muwonjezere shuga, nkhuni ndi ndalama ya kuchigayo, zomwe anthu amaiwala. Tsopano mungathe kuuza munthu wa bizinesi kuti matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 ndi thumba limodzi la soya adyetsa ana 80 mwezi wathunthu. Pempho lotere limayankhidwa. Ndipo pemphani pa nthawi yokolola, chimanga chikadali chotsika mtengo, poganizira Januwale ndi Febuluwale pamene njala imafika pachimake ana nkuyamba kujomba. Onaninso posungira: chimanga cha miyezi itatu chikaikidwa pansi pa chinyezi chopanda mankhwala, anankafumbwe amachimaliza ana asanachilawe. Zakudya za m'mapaketi zomwe masitolo amapereka muziona tsiku lothera mphamvu musanazilandire.

Tsopano ndifike pomwe pali mtima wa nkhaniyi, pa zithunzi ndi mbiri za ana. Munthu wa PR anaphunzitsidwa kuti chithunzi cha mwana wolira, wa malaya ong'ambika, chimatulutsa ndalama msanga. N'zoona chimatulutsa. Koma mwanayo adzakula, adzafika ku sekondale, anzake adzachipeza pa intaneti, ndipo kampani yomwe inamujambula idzakhala itamuiwala kalekale. Mwana si chikwangwani cha malonda.

Malamulo akuyankhulapo. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limaletsa kuulula mwana amene nkhani yake ili ku bwalo la milandu la ana. Kuyambira 2017, malamulo oyendetsera dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho mtsikana wa Fomu 3 wa zaka 17 mumusamale chimodzimodzi ndi wa ku mkombaphala. Koma lamulo limangoika malire. Zotsalazo ndi umunthu wa wojambula.

Chilolezo chimachokera kwa kholo kapena womulera, osati kwa mkulu wa bungwe kapena mphunzitsi wamkulu yekha. Fomu ikhale m'chiyankhulo cha kumaloko, Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, ndipo iwerengedwe mokweza. Amene sadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mboni. Fomuyo inene komwe chithunzi chikaonekere, kaya m'nyuzipepala, pa Facebook kapena pa kalendala ya kampani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi nambala yoimba munthu akasintha maganizo. Chofunika koposa ndi kuwauza momveka kuti kukana sikuchotsetsa mwana pa phala. Agogo amene akulera adzukulu asanu sangakane chilichonse pamaso pa alendo obwera ndi galimoto yodzaza katundu, n'chifukwa chake chilolezo chizitengedwa tsiku lina, mphatso zisanafike, ndipo wofunsa akhale mlezi amene amamudziwa. Mwana yemweyo afunsidwenso. Akabisa nkhope kumbuyo kwa chitenje cha amayi ake, wayankha kale.

Pojambula, gwadani kuti kamera ikhale pa msinkhu wa mwana, musamujambule kuchokera pamwamba. Mujambuleni akuchita kanthu: akuwerengera ndi zitsekerero za mabotolo, akusamba m'manja pa mpondagiya, akukankha galimoto ya mawaya. Wamaliseche, wodwala chigonere kapena wolira, ayi. Musaike pamodzi dzina lonse, nkhope ndi mudzi, chifukwa zitatuzi zikakumana munthu wa zolinga zoipa amafika pakhomo. Baji ya pa yunifolomu ndi chikwangwani cha sukulu chimene chili kumbuyo nazonso zimaulula malo, ndipo mafoni ambiri amasunga malo ojambulira m'kati mwa chithunzi, choncho muzimitse GPS musanayambe. Za HIV, kugwiriridwa, kapena mtsikana amene wachotsedwa pa ukwati, nkhope isaoneke ndipo dzina lisinthidwe, ngakhale kholo litavomera. Mawu oti "mwana wamasiye" pansi pa chithunzi cha mwana wodziwika muwapewe. Nkhani imakomabe mukaika patsogolo akuluakulu: mlezi amene wakhala akuphunzitsa popanda malipiro, abambo amene anaumba njerwa za khitchini, amayi a m'komiti amene amalima munda wa sukulu. Awa angathe kudziyankhulira okha, ndipo ndiwo akugwira ntchitoyo.

Za ofalitsa nkhani ndidutsa mwachangu, poti ndi ntchito yathu ya masiku onse. Chikalata chopita kwa atolankhani chisapitirire tsamba limodzi, ndime yoyamba inene chomwe chachitika, kuti, liti ndi chomwe chikufunika, pansi pakhale nambala ya munthu amene amayankhadi foni. Woyankhula akhale wa bungwe, osati inu, ndipo mumukonzekeretse ndi mfundo zitatu. Musathamangire Zodiak, MBC, Times ndi Nation zokha. Ngati mukufuna kuti makolo atumize ana kapena alimi asonkhe chimanga, wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi kapena Nkhotakota Community Radio zimafika pomwe mukufuna. Uthenga wa masekondi 30 umalowa mawu a Chichewa pafupifupi 50, choncho muuwerenge mokweza mukuyang'ana wotchi, ndipo nambala ya foni itchulidwe kawiri. Pa 16 Juni, tsiku la mwana wa mu Africa lokumbukira ana a sukulu amene anaphedwa pa zionetsero ku Soweto, ku South Africa, mu 1976, ndi pa 20 Novembala, tsiku la ana pa dziko lonse, akonzi amafunafuna nkhani za ana, koma mabungwe akuluakulu amadzaza masamba. Tumizani yanu kukadali milungu iwiri.

Chipondamthengo cha atolankhani, ndalama imene amapatsidwa akabwera kudzatola nkhani, ndi nkhani yovuta. Maganizo anga ndi akuti ndalama ya phala isasanduke envelopu. Kuwanyamula pa galimoto ndi kuwapatsa chakudya n'koyenera, ndipo alipire ndi kampani. Muwauziretu powaitana kuti palibenso china, kuti wobwera abwere akudziwa. Alipo ambiri amene amabwerabe.

Posonkhetsa ndalama, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba isakhale ya munthu wogwira ntchito kwanu. Ikhale yolembetsedwa m'dzina la bungwe, kapena akaunti ya ku banki. Pakatha mwezi, lengezani zomwe zalowa ndi zomwe zagulidwa, malisiti ali poyera. Amene anapereka kamodzi n'kulandira zikomo ndi lipoti la tsamba limodzi amaperekanso. Amene sanamve kanthu sabwereranso, ndipo amauza anzake.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, sukulu zambiri za ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe zinasanduka misasa, ndipo zithunzi za ana ovulala ndi otaya makolo zinayenda pa WhatsApp mosaletseka. Nthawi ngati imeneyo ndi yomwe malamulo a zithunzi aja amafunika koposa, chifukwa mwana wosiyana ndi makolo ake alibe womukanira. Thandizo lidutse kwa oyang'anira msasa ndi a khonsolo, ndipo mufunse chomwe chikusowa musanagule.

Pali tsiku lina limene munthu wa PR amayesedwa: kukamveka kuti wina wa m'bungwe lomwe mukulithandiza wachitira mwana nkhanza. Chizolowezi cha ntchito yathu ndi kuteteza mbiri ya kasitomala. Apa chizolowezicho muchisiye. Choyamba mwana achotsedwe pangozi ndi kupita naye kuchipatala, nkhani ikafike ku Victim Support Unit ya polisi ndi ku Social Welfare, ndipo nambala yaulere yothandiza ana ya 116 ilipo. Woganiziridwayo aimitsidwe kaye kuti asakumane ndi ana. Chikalata chopita kwa atolankhani chibwere pambuyo, chachifupi, chonena zomwe zachitidwa, chosatchula mwana, mudzi wake kapena kalasi yake. Oyendetsa bungwe akakupemphani kuti muthandize kukwirira, mgwirizano wathera pomwepo.

Anzathu a mu ofesi amene ankafuna kukacheza ndi ana tinkawauza izi: munthu asatsale yekha ndi mwana, asapereke nambala yake ya foni, asalonjeze fizi kapena njinga imene sadzagula, asaponye zithunzi pa tsamba lake. Ku nyumba zosungirako ana tinkapewa maulendo ongokanyamula makanda kwa maola awiri. Mwana amene wataya kale womulera amavutika kuona nkhope zatsopano zikubwera ndi kupita, ndipo ambiri mwa ana amenewa ali ndi achibale amoyo amene anawapereka chifukwa cha umphawi. Ndi bwino manja a anzathuwo akapente makalasi, akakumbe dzenje la zinyalala, kapena akaphunzitse mlembi wa komiti kusunga kaundula.

Mwezi womaliza wa mgwirizano ndi wosiyira ena ntchito. Tsamba la Facebook likhale ndi oliyendetsa awiri a m'bungwe, lolumikizidwa ku imelo ya bungwe, chifukwa masamba ambiri amafa wodzipereka akasamuka ndi pasiwedi yake. Muwasiyire chitsanzo cha kalata yopempha thandizo, cha kalata yothokoza ndi cha lipoti, zoti angosintha manambala. Muwasiyirenso mndandanda wa atolankhani amene anabwera, mafomu a chilolezo mu fayilo yotsekeredwa, ndi zithunzi zonse pa fulashi ziwiri, chilichonse cholembedwa tsiku lomwe chilolezo chake chikutha. Zomwe zatsala m'mafoni a ogwira ntchito zifufutidwe. Mlembi wa komiti alembe yekha kalata imodzi inu mukuona, aitumize yekha, ndipo pakatha miyezi itatu muimbe foni kufunsa ngati inayankhidwa.