Tsiku Lomwe Ndinakhulupirira Archimedes ku Falkirk

Ndili ku sekondale kwathu ndinaloweza pamtima lamulo la Archimedes, lakuti chinthu choyandama chimakankha madzi olemera mofanana ndi icho chomwe, ndipo pa mayeso a MSCE ndinalilemba popanda kuphonya liwu. Lero ndiyenera kuvomera kuti ndinkangolidziwa ndi pakamwa pokha. Ndinadzalikhulupirira ndili kale pakati pa maphunziro a uinjiniya kuno ku Scotland, tsiku lomwe ndinaima patsinde pa chigudumu chachitsulo chokweza maboti chotchedwa Falkirk Wheel, pakati pa mizinda ya Glasgow ndi Edinburgh.

Pamalopa pamakumana ngalande ziwiri zoyendamo maboti. Ya Forth and Clyde inatsegulidwa mu 1790 ndipo ili m'munsi, pomwe ya Union, yochokera ku Edinburgh, inatsegulidwa mu 1822 ndipo ili pamtunda, mamita 35 pamwamba pa inzake. Kale maboti ankakwera mtundawu kudzera m'zipinda za madzi 11 zondondozana ngati makwerero, zomwe eni ake amati ma lock, ndipo ulendowo unkadya pafupifupi tsiku lathunthu. Njanji italanda malonda, zipindazo zinasiya kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1930, ndipo ngalande ziwirizi zinakhala zosalumikizana mpaka pa 24 Meyi 2002, pomwe Mfumukazi Elizabeth II inatsegula gudumuli.

Ndisanapite ndinali nditachita masamu anga m'kope. Gudumuli lili ndi mabeseni awiri akuluakulu, lililonse lonyamula madzi okwana malita pafupifupi 250,000, ndipo limakweza boti mamita 24. Nditachulukitsa kulemera kwa madziwo ndi kutalika kwake ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, ndinapeza kuti kukweza beseni limodzi kufunika magetsi oposa mayuniti 16. Choncho nditamva kuti kutembenuka kumodzi kumadya yuniti imodzi ndi theka yokha, yomwe oyang'anira malowa amaiyerekeza ndi kuwiritsa maketulo asanu ndi atatu a madzi, mumtima ndinakana, poganiza kuti ndi nkhani yongokometsera alendo.

Kulakwa kwanga koyamba kunaonekera msanga, chifukwa ndinali nditaiwala kuti beseni lina likamakwera, linzake limatsika, ndipo kulemera kwa lotsikalo ndi komwe kumakoka lokweralo, monga zimakhalira pa sikelo ya mbale ziwiri. Koma panatsala funso lomwe linandizunguza mutu kwa nthawi ndithu ndili chiimire m'mphepete mwa dziwe la m'munsi. Ndinaona boti lodzaza anthu likulowa m'beseni la pansi, pomwe m'beseni la pamwamba munalibe kanthu koma madzi okha, ndipo nzeru zanga zonse zinandiuza kuti mbali ya boti yalemera, kotero injini zivutika. Chitseko chinatsekeka, gudumu linayamba kuyenda mwakachetechete, ndipo patatha mphindi ngati zisanu anthu aja anali m'mwamba akutibayibitsa.

Yankho ndinaliona ndi maso boti lachiwiri likulowa. Pa nthawi imene boti likulowa, chitseko cha beseni chimakhala chotsegula, ndipo ndinaona timafunde tikubwerera m'mbuyo m'mbali mwa botilo kulowera ku dziwe. Madzi amenewo anali kutuluka kupereka malo, ndipo kulemera kwake kunali kofanana ndendende ndi kwa boti ndi anthu onse anali m'menemo. Tsono chitseko chikatsekeka madzi ali pa mulingo umodzi m'mabeseni onse awiri, beseni la boti ndi beseni lopanda boti amalemera chimodzimodzi, kaya botilo ndi laling'ono kaya ndi lalikulu. Injini khumi zomwe zimazunguza gudumuli sizinyamula katundu konse. Ntchito yake yaikulu ndi kugonjetsa kukhulana kwa zitsulo ndi kuyambitsa ulendo. Mfundo yomwe ndinailemba m'mizere iwiri ndili mwana ndi imene yanyamula matani mazanamazana pamalo pano, ndipo ndinachita manyazi pang'ono pozindikira kuti kwa zaka zonsezi sindinaifunsepo kuti ingagwire ntchito yanji.

Nditakwera boti ndinachita chidwi ndi china, chakuti madzi a m'beseni sapendekeka ngakhale pang'ono pamene mikono ya gudumu ikuzungulira. Chinsinsi chake ndi magiya. Pakati pali giya lalikulu lomwe silizungulira, ndipo timagiya ting'onoting'ono timalilumikiza ndi magiya ena aakulu mofanana nalo omangiriridwa ku mabeseni, kotero mkono ukatembenukira mbali ina, beseni limatembenukira mbali inayo pa liwiro lomwelo n'kukhalabe chilili. Tony Kettle, yemwe anatsogolera ntchito yojambula maonekedwe a gudumuli, anayesera kayendedwe ka magiyawa ndi zidole za Lego za mwana wake wamkazi. Kwa ine, amene ndazolowera kuthamangira pa kompyuta ndisanagwire chinthu ndi manja, nkhani imeneyi inandilasa.

Pamwamba, boti limadutsa pa mlatho wonyamula madzi, kenaka n'kulowa m'ngalande yoboola pansi pa nthaka ya Roughcastle, kunsi kwa njanji ndi khoma la Antonine lomwe Aroma anayamba kumanga cha m'chaka cha 142 AD. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake gudumu silikweza mamita onse 35: mamita 11 otsalawo amakweredwa ndi ma lock awiri kuseri kwa khomalo, ndipo ngalande inadutsa pansi kuti chipilala chakalecho chisagumulidwe. Ndikuona kuti anaganiza bwino, ngakhale kuti zimachedwetsa ulendo wa boti lopita ku Edinburgh.

Nditabwerera kuchipinda changa madzulo, sindinayambe ndi kukonza masamu a m'kope muja. Ndinaika bakuli pa sikelo ya kukhitchini, n'kulidzaza madzi mpaka m'milomo, ndipo ndinalemba nambala yomwe inaoneka. Kenaka ndinayandamitsamo kapu yapulasitiki momwe ndinaponyamo makobidi angapo, madzi n'kusefukira pa tebulo. Nditapukuta sikelo ndi kunsi kwa bakuli, nambala ija inabwerera pomwe inali, kusiyana ndi magalamu awiri okha.