Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 4: Waya wa Bambo ndi Makala a Achemwali

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe bambo anabwerera kuchokera ku Joni. Cha m'ma 1988 TEBA, bungwe lomwe linkatumiza anthu kumigodi ya ku Joni, inasiya kulemba Amalawi ntchito, ndiye bambo anabwera kwathu ku Dedza ndi wailesi, mabulangete awiri, ndi kabokosi ka zida: nyundo, pulayala ndi sizasi yodulira malata. Pokhala mkamwini analibe munda wawo, choncho anakhazikika pakhonde n'kuyamba kukhoma zidebe, mbaula ndi makheni othirira kudimba.

Pakhomo pathu panalibe buku lina kupatula Baibulo, koma manja a anthu sankakhala chabe. Agogo aakazi ankaumba mbiya. Dongo ankakalikumba kudambo, n'kuliponda, n'kumaumba pang'onopang'ono, akusalaza ndi chitsononkho. Mbiya ikayamba kuuma ankaipukuta ndi nkhulungo mpaka iwale. Madzulo anali a nthano. Agogo akangoti "Padangokhala," ife tonse "Tili tonse!" Ndipo nthawi zina ankalekeza pakati dala kuti ife timalize.

Ine malo anga anali pambali pa bambo. Sanandiuzepo kuti choka apa ukundisokoneza. Tizidutswa ta waya ankangondiponyera. Galimoto yanga yoyamba ndinaipanga ndili ndi zaka 7, matayala ake ndinakulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Koma inkangokhotera kumanzere. Bambo anaitenga, anaiyang'ana mbali zonse ngati ndi chidebe cha kasitomala, kenaka anati, "Mwana wanga, waya wa matayalawu wapindika. Kauwongolere pamwala paja." Sanandikonzere ayi. Ndinauwongola ndekha katatu konse mpaka galimoto inayenda bwino. Lero ndimawotcherera zitseko ndi mafelemu mu Lilongwe, ndipo ndikagwira chitsulo chopindika mawu aja ndimawamvabe.

Koma waluso weniweni pakhomo paja anali achemwali anga. Ankatenga khala pamoto n'kujambula pakhoma la khitchini: tambala, njinga ya bambo, agogo atawerama pa mbiya yawo. Munthu aliyense wodutsa ankazindikira kuti awa ndi agogo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, tonse awiri tinakalowa sukulu, kalasi yathu ili pansi pa mtengo chifukwa cha kuchuluka kwa ana. Tikaweruka, ine ndinkathamangira kukhonde kwa bambo. Achemwali ankapeza ndowa ikuwadikira, kenaka mtondo, kenaka mwana kumsana. Amayi akaona zojambula zija ankati, "Iwe, ukudetsa khoma lomwe ndazira dzulo!" Sindiwaimba mlandu amayi, ntchito inali itawakulira, ndipo mudzi wonse unkaona kuti mwana wamkazi ndi wa kumadzi ndi kunkhuni. Amayi atabereka mapasa, achemwali analekera Sitandade 5.

Zimandiwawa mpaka lero. Ine ndinapatsidwa waya ndi nthawi, iwo sanapatsidwe ngakhale pensulo yapadera.

Chaka chatha nditapita kumudzi ndinapeza khoma la nyumba yawo lili ndi maluwa a dothi lofiira, loyera ndi lakuda, okongola zedi. Ndinati, "Achemwali, simunasiye?" Anaseka n'kuloza mwana wawo wamkazi, yemwe anali chogwada pansi, khala lili m'manja. "Ameneyu sindimuletsa," anatero.

Gawo lotsatira ndidzafotokoza za njala ya 2002, chaka chomwe bambo anagulitsa kabokosi kaja.